Foni Imene Aphungu Anakana Kuimba

Uthenga wa imfa ya a Hatherly unandipeza m'sitolo, ndikusankha matimati. Pafoni anali Chrissy, Mmalawi mnzanga amene tinkasinthana naye mashifiti kunyumba kwa a Hatherlywo.

"Asisi, Aphungu aja atisiya," anatero. "Ndawapeza pampando m'mawa uno. Anali atavala kale tayi."

Ndinati chabwino, ndamva. Ndinamaliza kusankha matimatiwo, ndinakalipira, ndinatuluka. M'galimoto ndinavula masiki n'kukhala kaye phee, poganiza kuti mwina misozi ibwera. Sinabwere. Kunja kunkatentha monga kumatenthera ku Perth kumayambiriro a chaka. Ndinaliza galimoto n'kupita kwa agogo ena amene ankandidikira kuti ndikawasambitse.

Dzina lakuti Aphungu tinawapatsa ndife, ine ndi Chrissy, kuti tizitha kuwanena pamaso pawo iwo osadziwa. Silinali lonyoza ayi. Kuno ku Australia chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ndipo a Hatherly anakhala m'nyumba ya chigawo chathu zaka zoposa makumi awiri, akuimira dera lina la kummwera kwa mzinda. Anali a chipani cha anthu amene amakhulupirira kuti chinthu chimene chakhala chikugwira ntchito kuyambira kale usachigwedeze. Pamene kampani yathu yosamalira okalamba inanditumiza kwawo ku Rockingham, mliri wa kolona usanayambe, n'kuti atapuma kalekale, zaka zawo zitapyola makumi asanu ndi atatu. Akazi awo, mayi Margaret, anali atayamba matenda oiwala. Ine ndinapita kukasamalira mayiwo, koma pang'ono ndi pang'ono ndinapezeka ndikusamalira onse awiri.

Tsiku loyamba ananditsekulira chitseko okha, atavala jekete ndi tayi ngati akupita kukhoti. Ndinati dzina langa ndine Tiyamike. Anapukusa mutu.

"Ndikufuna dzina la banja lanu."

Ndinati Mbewe. Kuno aliyense amaitanidwa ndi dzina loyamba, kaya ndi bwana wamkulu, kaya ndi dokotala. Iwo ankati khalidwe limeneli ndi limene linayamba kuwononga dziko. Anayesa kutchula: Emubewe. Ndinawakonza. Anabwerezabwereza pakhomo pomwepo, ine chikwama chili m'manja, mpaka lilime linagonja. Kuyambira pamenepo ndinali Mayi Mbewe, ndipo sanalakwitsenso.

Tayi ankavala tsiku lililonse, ngakhale kuti ulendo wawo wautali unali wokafika pageti. Nsapato ankapukuta okha, ndipo ukawapukutira ankabwereza. Lamulungu sankagula kanthu. Mkaka ukatha tsiku limenelo ankamwa tiyi wopanda mkaka, sitolo ili poteropo yotsegula. Ali phungu analimbana kwambiri kuti masitolo azitseka Lamulungu. Anagonja, koma iwo okha anapitiriza kusunga lamulo limene linafa kale. Nkhani za ndale zikayamba pawailesi ankaimirira atagwira tebulo n'kumayankha nduna imene ikulankhula, mfundo ndi mfundo, osatukwana. Munthu amene ankamuda kwambiri ndi amene ankamutchula kuti wolemekezeka mnzanga. Akamaliza, mayi Margaret ankawomba m'manja, ngakhale sankadziwanso kuti nkhani yake ndi yotani.

Mayiwa ndi amene ankawayendetsa pagalimoto nthawi ya kampeni, ndi amenenso ankawanong'oneza maina a anthu pamaliro ndi pamaukwati. Tsopano zinatembenuka. M'mawa uliwonse Aphungu ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwauza akazi awo tsiku, mwezi, dzina la msewu, ndiponso kuti iwo ndi ndani. Tsitsi la mayiwo ankapesa okha, moipa ndithu, ine n'kudzakonza iwo atatuluka.

Mbiri yawo ndinaimva zidutswazidutswa, ndikuwameta kapena ndikuwapaka mafuta kumapazi. Anabadwira kuminda ya tirigu, kutali kummawa. Chilala chitathamangitsa banja lawo, anabwera mumzinda n'kuphunzira kuwotcherera zitsulo, kenako anatsegula galaja yawoyawo ku Welshpool yokonza ngolo za mathiraki. Ndale anazilowa ndi mkwiyo. Chaka china antchito a m'mafakitale a ku Kwinana ananyanyala ntchito nthawi yaitali, mathiraki anaima, galaja inatsala pang'ono kugwa, ndipo iwo anachotsa ntchito anthu amene ankadya nawo mbale imodzi. Kuyambira pamenepo mabungwe a antchito anakhala adani awo. Ankasimba mokondwa za tsiku limene anawagenda ndi mazira pamsonkhano, iwo n'kumaliza zolankhula zawo dzira likuyenderera pakolala.

Zambiri zimene analimbana nazo anagonja. Anakana kuti mabala azitseka mochedwa, lero mabala amatseka mochedwa. Anakana kuti tchire la m'mbali mwa nyanja ligulitsidwe, lero pali nyumba zosanja. Ankati munthu ngati iwo ali ngati mabuleki a galimoto: ulendo ukayenda bwino palibe amawathokoza, amangowakumbukira potsetsereka. Pomaliza dera lawo linadzaza ndi mabanja achinyamata amene sankawadziwa, ndipo analuza chisankho. M'mawa mwake anatenga makwerero n'kukachotsa okha zithunzi zawo pamitengo ya m'misewu, poti lamulo linkati zichotsedwe.

Tinakanganapo kangapo, koma mkangano waukulu unali wa alendo. Amuna a Chrissy anapeza pa intaneti zimene Aphungu analankhula kalelo, zotsutsa kubweretsa antchito ochokera kunja. Ndinazisunga mumtima masiku angapo. Kenako tsiku lina, ndikuwawenga zikhadabo za kumapazi, ndinawafunsa ngati ndi zoona.

"Ndinanena, ndipo sindikubweza," anatero. Anati dziko limene silingathe kusambitsa lokha makolo ake ndi dziko laulesi, ndipo kukatenga manesi kumaiko osauka ndi kuba kwa dzuwa lili tswee.

"Ndiye ndizipita?"

"Malizani kaye chala chimenecho."

Ndinamaliza chalacho. Kenako ndinati, "Nanga ana a dziko lino amene mukuti azisambitsa makolo awowo ali kuti? Wanu ali kuti?"

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Ruth, mphunzitsi ku Melbourne, kumapeto ena a dziko. Tsiku lonselo sitinalankhulane, ndipo m'mawa mwake tinangopatsana moni ngati palibe chinachitika. Maganizo awo sanasinthe. Anganso ayi.

Mliri utafika, chigawo chathu chinadzitsekera. Sikuti ndege zochokera kunja zokha ayi. Ngakhale munthu wochokera ku Melbourne kapena ku Sydney sankalowa popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chinkavuta. Mkatimu moyo unkayenda pafupifupi ngati kale. Anthu ankadya m'malesitilanti, ankasambira kunyanja, pamene ife Amalawi tinkaika maliro a abale athu kudzera pafoni. Bambo anga anamwalira ku Mponela nthawi imeneyo. Maliro awo ndinaonerera madzulo m'khitchini mwa a Hatherly, foni nditaitsamiritsa kuketulo, zithunzi zikudukaduka. Aphungu analowa kudzafuna madzi, anaona, anatuluka. Anabweranso atavala jekete lakuda n'kuima kumbuyo kwanga mpaka bokosi litatsikira m'manda. Nyimbozo sankazimva, miyendo yawo inali yofooka, koma mpando anaukana. Zitatha anangoti, "Pepani, Mayi Mbewe," n'kukavula jekete.

Boma limene linatseka malire linali la chipani chimene ankadana nacho, ndipo tsiku ndi tsiku ankaiuza wailesi kuti kutsekako kwanyanya. Komabe lamulo likati masiki, ankavala masiki ngakhale popita pageti. Katemera anakabayitsa nthawi ya anthu a msinkhu wawo itakwana, n'kuima pamzere ngati wina aliyense, ngakhale nesi wina amene anawazindikira ankawakodola kuti adutse.

Nyengo yozizira ya chaka chachiwiri cha mliri, mayi Margaret anadwala chibayo. Sichinali kolona. Dokotala anabwera, anawapima, n'kuitanira Aphungu pakhonde. Anati sakuona kuti mayiwo adutsa mwezi, ndipo ngati pali wofunika kuitanidwa aitanidwe. Nthawi imeneyo ku Melbourne matenda anali atabuka kwambiri. Ruth anapempha chilolezo cholowera kuno, anamukanira. Anapemphanso ndi umboni wa dokotala, anamukaniranso.

Ankaimba pafoni yanga, chifukwa ya bambo ake inali ya patebulo, yosaonetsa nkhope. Masana ena ndine ndinawagwirira Aphungu foni, motero ndinamva zonse.

"Adadi, muimbireni Colin," anatero Ruth. "Foni imodzi yokha."

Colin ameneyu anayambira ntchito mu ofesi ya Aphungu, ndipo tsopano anali munthu wamkulu m'boma, mmodzi mwa anthu amene akanena mawu zitseko zimatseguka. Khirisimasi iliyonse ankabwera kudzawaona.

"Pali anthu ambiri amene amayi awo akufa sabata ino," anatero Aphungu. "Iwowo alibe Colin."

"Sindikunena za anthu ambiri. Ndikunena za amayi anga. Akazi anu."

"Pemphanso. Ndikuthandiza kukonza mawu ake."

"Ndapempha kale, adadi! Nthawi ikutha!"

"Sindingathe, Ruth."

"Mungathe. Simukufuna basi."

Kukana kumeneku kunali ndi mizu yake. Nkhani ya a Doyle anandiuza Aphungu eni ake, mliri usanabwere. A Doyle anali mnzawo wapamtima, wa chipani chimodzi, amene anawaperekeza paukwati wawo ndiponso ananyamula Ruth paubatizo. Atakhala nduna, a Doyle anathandiza mlongo wawo wamasiye kupeza nyumba ya boma, kudumpha mzere wa anthu amene anali atadikira zaka. A Hatherly atamva anapita kunyumba kwa mnzawoyo n'kumuuza kuti atule pansi udindo. A Doyle anaseka. Sabata yotsatira a Hatherly anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kuulula zonse, anzawo a chipani akuwakoka jekete kuti akhale pansi. A Doyle anagwa. Chipani sichinawakhululukire a Hatherly. Unduna umene aliyense ankati ukubwera kwa iwo sanaulawe, anakalambira pamipando yakumbuyo. A Doyle anamwalira asanawalankhulenso, ndipo pamaliro akazi a malemuwo anawabweza a Hatherly pakhomo la tchalitchi.

Tsiku limene anandisimbira, ndinawauza kuti kwathu munthu amene ali pabwino n'kusiya mlongo wake wamasiye panja ndi amene timamutcha mfiti. Anandifunsa kuti nanga wamasiye amene anali patsogolo pamzerepo, wopanda mchimwene wa unduna, kwathu timamutcha chiyani. Komabe sindinavomereze.

Tsopano mzere uja unali utawafika pakhomo. Patapita tsiku Ruth ataimba, Colin anaimba yekha, atamva za matendawo. Ine ndinali m'chipinda choyandikana, ndikusintha zofunda. Ndinamva Aphungu akumuthokoza, kenako akumuuza kuti pempho la mwana wawo liyende mmene akuyendera mapempho a ena onse, ndipo dzina lawo lisatchulidwe paliponse. Ataika foni ndinatuluka n'kuchita chimene ndinali ndisanachitepo chibwerereni kuno. Ndinagwada.

"Bambo, muimbireninso. Mwana aone mayi ake. Zinazo mudzakambirana ndi Mulungu."

Anadzidzimuka ngati ndawamenya. "Dzukani, Mayi Mbewe. Chonde dzukani. Kuno sitigwadirana." Anandigwira mkono kuti andidzutse, iwo amene ankavutika kudzuka okha pampando. Koma foni sanaigwirenso.

Mayi Margaret anapirira kuposa mmene tinkaganizira. Ruth akanafika, ngakhale akanayamba wabindikira kaye m'hotela monga lamulo linkafunira. Tonse m'nyumbamo tinkadziwa zimenezi, ndipo palibe anazitchula.

Masiku omaliza mayiwo ankangofunsa za Ruth. Maina ena onse anali atathawa, kunatsala limeneli. Tsiku lina masana, ndikuwanyowetsa milomo ndi thonje, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ruth, wabwera?" Ndinayang'ana Aphungu. Munthu ameneyu sankalola bodza ngakhale laling'ono. Otsatsa malonda akaimba foni, sankalola kuti ndinene kuti achokapo. Anayang'ana pansi.

"Vomerani," anatero chapansipansi.

"Ndabwera, amayi," ndinatero.

"Wachedwatu," anatero mayi Margaret, akumwetulira. "Wadya?"

Anamwalira mawa lake dzuwa likupendeka, Ruth weniweni ali pafoni imene ndinaiika papilo. Chrissy anawatseka maso. Kenako mawu anatuluka m'fonimo, osakweza, osalira: "Adadi, mzere wanu sunasokonekere." Foni inaduka.

Pambuyo pake palibe chachikulu chimene chinasintha m'nyumbamo. Aphungu ankadzuka nthawi yomweyo, ankavala, ankadya zimene wawapatsa. Wailesi ankatsegula, koma sankaimiriranso, nduna zinkangolankhula zokha. Ruth ankandiimbira ine Loweruka kufunsa ngati bambo ake akudya ndiponso ngati akumwa mankhwala. Ndikati ali pompano, alankhule nawo, ankati ali pamsewu. Iwo ankadziwa amene waimba. Ankadikira ndimalize, n'kufunsa ngati ku Melbourne kukuzizira.

Kamodzi kokha ndinawafunsa ngati akanachitanso chimodzimodzi. Tinali pakhonde, ndikuwameta tsitsi. Anati sakudziwa ngati anachita bwino, ndipo sakuyembekezera kudzadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti akanaimba foni ija, akanayenera kupita kumanda kukamufukula Doyle n'kumupepesa. Ananena zimenezi ngati munthu amene akunena za nyengo, kenako anandipempha kuti kumbuyoku ndisadule kwambiri.

Anamwalira malire atatsala pang'ono kutsegulidwa. Thupi linadikira kumochale mpaka Ruth atabwera. Pamaliro panali nkhalamba zochepa za chipani, Colin, aneba, ine ndi Chrissy. Phungu wina wachinyamata analankhula kuti malemuwo anali munthu wa mfundo, dzina lawo akuchita kuliyang'ana papepala. Ruth sanalankhule. Panja pa tchalitchi anabwera kwa ine, mayi wa imvi zake, chibwano ngati cha bambo ake. Aka kanali koyamba kuonana popanda foni pakati.

"Amayi ankandifunsa?"

"Ankakufunsani tsiku lililonse."

"Munkawauza chiyani?"

Ndinamufotokozera za masana aja, ndi amene anandiuza kuti ndivomere. Anamvetsera mpaka pamapeto. Sanalire, sanakwiye. Anati zikomo. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kampani yonyamula katundu.

Nyumba anaiika pamsika. Ndinapitako komaliza kukasiya kiyi wanga pawindo la khitchini monga anandiuzira. N'kuti onyamula katundu atamaliza ntchito yawo. Pakapeti panatsala timaenje pamene panaponda miyendo ya mabedi ndi makabati, ndipo pamakoma panali timisomali ndi malo amene penti sanaonepo dzuwa. Firiji inali yozimitsa, chitseko chake chili chotsegula. Kubafa kunatsala zitsulo zogwirira zimene palibe anaganiza zozichotsa. Kuseri mandimu anali atagwa pansi pa mtengo n'kuyamba kuola. Inali nyengo ya kampeni, ndipo anthu anali akulowetsa timapepala pansi pa chitseko: nkhope zachinyamata, mano oyera, tofiira, tabuluu, tobiriwira, tonse mulu umodzi. Mphepo ya kunyanja inalowa pakhomo limene ndinasiya lotsegula n'kutimwaza. Ndinaima n'kumationerera tikutsetsereka pansi mpaka titakaima tokha kukhoma. Kenako ndinatuluka n'kukoka chitseko, chinadzikhoma chokha.